Tikufuna kuimika phungu wa zaumoyo koma tilibe bwana: tisonkhe bwanji ndalama za kampeni?

Mayi wina wa ku Bangwe, amene amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, wandilembera motere: "Tilipo anthu pafupifupi 30, ambiri amayi, ndipo tatopa ndi kumva kuti mankhwala atha, kagulani nokha. Tapempha mayi wina amene anali namwino koma anapuma pantchito kuti adzaime payekha ngati phungu mu 2030, mfundo yake ikhale imodzi: kukonza zaumoyo kuti wosauka asamafe chifukwa chosowa ndalama. Avomera, koma alibe chuma. Anthu akutiseka kuti ndale zopanda ndalama ndi maloto a chumba. Mkulu wina wabizinesi wati atha kutipatsa K5 miliyoni. Tiyambire pati? Kodi malamulo amalola? Nanga ndalama za mkuluyu tilandire?"

Mayi, zikomo pondilembera, ndipo mtima ukhale m'malo. Zimene mukufuna kuchitazi n'zololedwa, komanso n'zotheka. Ndakhala ndikusunga mabuku a ndalama a magulu osiyanasiyana muno mu Blantyre kwa zaka zoposa 20, makomiti omanga matchalitchi, mabanki m'khonde, ngakhalenso magulu othandiza opikisana pachisankho. Amalawi kusonkha timakudziwa. Pamaliro mbale imayenda, paukwati perekaniperekani amatha maola atatu, kutchalitchi Paper Sunday imodzi imagula malata. Chomwe sitinazolowere n'kusonkhera wandale, chifukwa kwathu kuno ndalama za ndale zimatsika kuchokera kwa wopikisana kupita kwa ovota. Inu mukufuna kuutembenuza mtsinje umenewo. Mudzatha pokhapokha ngati aliyense woperekayo aziona ndi maso ake kumene ndalama yake yapita, mwezi ndi mwezi, popanda kufunsa.

Ndikunena chonchi chifukwa cha nkhani imene imandiwawabe. Zaka zingapo zapitazo ndinkathandiza gulu la achinyamata lomwe linkafuna kuimika mnzawo ukhansala. Miyezi iwiri yoyamba anasonkha bwino ndithu. Koma ndalama zonse zinkalowa pa nambala ya foni ya msungichuma, nambala yomweyo imene ankagulira ndiwo ndi magetsi kunyumba kwake. Mnyamatayo sanali wakuba. Mayi ake anadwala, anatapako pang'ono kuti adzabweze akalandira, mayiwo anamwalira, zamaliro zinadya zotsalazo. Tsiku la msonkhano, atafunsidwa kuti m'thumba muli zingati, anangowerama n'kumafufuza mauthenga pafoni manja akunjenjemera. Palibe anamukalipira. Koma mwezi wotsatira palibe anaperekanso ngakhale K100, ndipo gululo linathera pomwepo. Ine nambala imodziyo ndinaiona kuyambira pachiyambi, koma ndinachita manyazi kulankhula poopa kuoneka ngati ndikumukayikira. Kuchokera tsiku limenelo sindichitanso manyazi pa nkhani imeneyi.

Choncho musanalandire tambala la munthu, konzani posungira. Lembani malamulo a gulu lanu, ngakhale masamba atatu okha, sankhani wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo mukatsegule akaunti kubanki m'dzina la gulu. Kubanki akakufunsani malamulowo, maminitsi a msonkhano umene munagwirizana zotsegula akaunti, ndi ziphaso za unzika za osayinira. Osayinira akhale atatu, ndalama izituluka awiri akasayina. Mayi namwinoyo asakhale mmodzi wa iwo, m'bale wawo asakhalepo, ndipo awiri a nyumba imodzi asakhalepo. Pochita zimenezi simukuwanyoza ayi, mukuwateteza, chifukwa tsiku lina adani awo adzafalitsa kuti anadya zopereka za amayi amumsika, ndipo yankho labwino lidzakhala loti ndalamazo sanazigwirepo n'komwe. Anthu anu ambiri azipereka kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndiye pitani kumaofesi a makampani awiriwa mukafunse nambala ya gulu kapena yabizinesi, osati simu ya munthu. Nambala imeneyo ikhale imodzi pa netiweki iliyonse, yosasinthasintha, yolembedwa pa chilichonse chimene musindikiza, chifukwa akathyali a pafoni akangomva kuti kuli zosonkha amayamba kutumiza mauthenga m'dzina lanu. Wopereka ndalama pamanja alandire lisiti la m'buku lokhala ndi kaboni, ngakhale atapereka K500.

Kenako tsiku limodzi pamwezi, lodziwika, msungichuma aziimirira pamaso pa anthu n'kuwerenga mokweza: zalowa zakuti, zatuluka zakuti, zatsala zakuti, pepala la kubanki ili. Chithunzi cha pepalalo chizipita pa gulu la WhatsApp. Mukumbukire mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta ndipo odwala akusowa mpweya m'zipatala, nzika wamba zinasonkha mamiliyoni ambiri kudzera pa Facebook kuti zigulire zipangizo za okosijeni. Chimene chinkakoka anthu kuperekabe sichinali chisoni chokha. Otsogolera ankalengeza poyera zomwe zalowa ndi zomwe zagulidwa, munthu n'kuona kuti yake yagwira ntchito. Maina a opereka musawalengeze popanda chilolezo chawo, ena amaopa mabwana awo kapena chipani cha m'dera lawo, koma m'buku lanu aliyense alembedwe.

Tsopano funso limene munthu aliyense adzakufunsani asanamasule mfundo ya pachitenje: ndipereke kuti chichitike chiyani? "Kukonza zaumoyo" n'kwakukulu kwambiri, wandale aliyense amanena zomwezo. Khalani pansi ndi mayi namwinowo musankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zimene phungu angathedi kuzimenyera. Zokamba zilipo zambiri. Blantyre, mzinda waukulu chonchi, ilibe chipatala chakechake cha boma (district hospital) ngati mmene zilili ku Thyolo, Chiradzulu kapena Mulanje, n'chifukwa chake wodwala akalephereka ku Bangwe, Ndirande, Zingwangwa, Limbe kapena Chilomoni amathera ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth chomwe chinatsegulidwa mu 1958, ndipo chimalandiranso odwala otumizidwa kuchokera m'maboma ena a m'chigawo chakumwera. Mu 2001 mayiko a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, analonjeza ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya bajeti yawo ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife takhala tikuperewera pa mlingo umenewo. Gawo lalikulu la ndalama za zaumoyo limachokera kwa mayiko otithandiza, ndipo tonse tinaona mu 2025 mmene zinthu zinagwedezekera dziko la America litadula thandizo lake. Mankhwala a m'zipatala za boma amadzera ku Central Medical Stores Trust, ndiye pakakhala ngongole kapena kuchedwa pamenepo, zotsatira zake ndi mawu aja akuti kagulani nokha. Phungu sagula mankhwala, koma amavotera bajeti, amafunsa nduna mafunso m'Nyumba ya Malamulo, ndipo angathe kukhala mu komiti yoona za umoyo. Muwauze anthu zoona zimenezi. Musalonjeze kuti mayiwo akapambana adzamanga chipatala. Lonjezani kuti miyezi itatu iliyonse adzabwera kudzanena mankhwala amene asowa pa chipatala cha m'dera lanu, chifukwa chake, ndi amene wafunsidwa.

Ndipatukeko pang'ono. Mwaganizirapo zoimikanso makhansala? Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Blantyre inakhudzidwa kwambiri, anali matenda a madzi, zimbudzi ndi zinyalala. Zinyalala, ngalande ndi ukhondo wa m'misika ndi nkhani za khonsolo ya mzinda. Mpando wa khansala ndi wotchipa kuupikisana, ndipo gulu lanu lingaphunzirepo zambiri. Pachisankho cha pa 16 Seputembala 2025, bungwe la MEC linkalipiritsa mayi wofuna uphungu K1.25 miliyoni, pomwe mayi wofuna ukhansala K100,000 yokha. Sindikuti musinthe maganizo, koma mukambirane.

Za malamulo, lamulo lalikulu loti mulidziwe ndi la zipani za ndale la 2018. Limalola kusonkhetsa ndalama, koma limalamula zipani kuti chopereka cha K1 miliyoni kapena kuposerapo kuchokera kwa munthu mmodzi, ndi K2 miliyoni kapena kuposerapo kuchokera ku kampani kapena bungwe, chikalembetsedwe kwa mkulu wolembetsa zipani pasanathe masiku 90. Inu si chipani, koma mlingo umenewu muutenge ngati wanu, ndipo mulembere kalata ofesi ya mkuluyo kuti akufotokozereni molemba zimene gulu lothandiza woima payekha liyenera kuchita. Yankho lakelo mulisunge mufayelo. Lamulo lomwelo limaletsa mphatso zonyengerera ovota, zimene anthu amangoti mahandauti, ndipo chilango chake chimafika K10 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Zovala za makaka, zikwangwani, ndi zoyendetsera msonkhano monga thiransipoti ndi chakudya siziwerengedwa m'gulu limenelo.

Tiwerengere limodzi. Muli 30. Aliyense apeze anthu 10 amene amamudziwa bwino, a kutchalitchi kapena kumzikiti, a benchi loyandikana kumsika, a mu banki m'khonde, alamu ndi azilongo. Amenewo ndi 300, kuphatikiza inu ndi ena obwera okha tinene 400. Aliyense atamapereka K2,000 pamwezi, ndi K800,000 pamwezi, K9.6 miliyoni pachaka. Sizidzayenda ndendende chonchi. Ena adzasiya, Januwale ndi Febuluwale anthu amakhala atapanikizika ndi fizi ndi feteleza, ndiye pokonza bajeti muwerengere theka. Komabe theka limenelo, kwa zaka zitatu kapena zinayi, ndi ndalama yooneka. Ndipo pali chimene masamu saonetsa. Mayi wogulitsa mandasi amene wakhala akupereka K500 Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri sangasinthe voti yake chifukwa cha chitenje cholandira usiku woti mawa chisankho. Amauza mwamuna wake, amauza makasitomala ake, amadzuka m'bandakucha kukaima pamzere. Ku America, Bernie Sanders, wandale amene ankafuna upulezidenti ndipo mfundo yake yaikulu inali yoti aliyense azilandira chithandizo cha kuchipatala kudzera m'ndondomeko imodzi ya boma, ankanyadira mu 2016 kuti chopereka cha munthu mmodzi chinkangozungulira pa madola 27. Sanapambane, koma anapikisana mpaka kumapeto ndi anthu okhala ndi mabwana olemera. Kumeneko amapereka pa intaneti ndi makadi a kubanki. Kuno chimene chimagwira ntchito ndi nkhope yodziwika ikagogoda pakhomo, foni imangothandiza kutumiza.

Musakakamize onse kupereka mofanana kapena nthawi imodzi. Wamumsika zimamuphwekera pamlungu, wapantchito pakutha pa mwezi. Wopanda ndalama apereke zomwe ali nazo ndipo zilembedwe m'buku lomwelo: wakabaza anyamule wokamata mapepala, telala asoke mbendera, wina abwereke mabenchi. Abale a ku Johannesburg, Cape Town, Dublin kapena London amathandiza kwambiri pa nkhani za zaumoyo, poti ndi iwo amene amaimbiridwa usiku kuti mayi adwala tumizani ya mankhwala. Muwauze atumize molunjika ku akaunti ya gulu, osadzera kwa m'bale, kuti pasabuke mikangano ya pabanja.

Zochitika monga Big Walk, dansi, kapena mpikisano wa mpira wa miyendo ndi wa manja, ine ndimaziona ngati zodziwitsira anthu kuti muliko osati zopezera ndalama. Ndaonapo gulu litachita lendi holo, zokuzira mawu ndi oimba, phindu lake n'kukhala losakwana kugula mbuzi. Ngati mufuna kuchita, holo, zokuzira mawu ndi zakudya zikhale zoperekedwa ulere, ndipo ndalama ziwerengedwe pomwepo pamaso pa anthu atatu asanabalalike. Ulendo wa pamsewu kapena msonkhano wapoyera umafuna kudziwitsa akuluakulu a khonsolo ndi apolisi molemba, pasanafike maola 48 omaliza. Mpikisano wa matikiti a mwayi uli ndi malamulo akeake pansi pa bungwe loona za juga la MAGLA, musauyambe musanafunse.

Ndalama zidzapita kuti? Anthu amaganiza za matisheti ndi zitenje, koma chimene chimagwetsa oima paokha ambiri ndi mamonita. Malo aliwonse oponyera voti amafunika anthu anu okhulupirika, oti akhale kuyambira m'mawa mpaka usiku kuwerenga kutatha, adye, akhale ndi mayunitsi ndi thiransipoti, abwere ndi pepala la zotsatira losayinidwa. Ndalama imeneyi, pamodzi ndi yolembetsera ku MEC, muipatule poyamba ndipo isakhudzidwe. Zina zonse zibwere pambuyo. Kumbukiraninso kuti kwacha siikhalitsa mphamvu: mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama yoti idikire zaka muiike ku akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo zinthu zosawonongeka monga chokuzira mawu ndi batire lake mugule msanga. Koma chonde musaikongoze kwa mamembala ngati mmene muchitira ku banki m'khonde. Thumba la kampeni likayamba katapila, chaka cha chisankho mudzakhala mukuthamangitsana ndi angongole m'malo mofuna mavoti.

Tibwere kwa mkulu wa K5 miliyoni. Maganizo anga ndi oti musalandire panopa. Ndalama imeneyo ndi pafupifupi yofanana ndi zopereka za anthu 400 kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ikalowa pamene thumba lili lopanda kanthu, zinthu ziwiri zimachitika. Anthu wamba amasiya kupereka, amati pali bwana kale. Ndipo komiti imayamba, mosazindikira, kudikira maganizo a mkuluyo isanachite chilichonse. Mufunseni mwaulemu kuti bizinesi yake ndi yotani. Ngati amagulitsa mankhwala kapena zipangizo ku zipatala za boma, ngati ali ndi famase kapena chipatala cholipira, kapena amafuna makontirakiti a boma omanga ndi kuperekera katundu, mumuthokoze n'kukana ndithu, chifukwa tsiku lina mayi anuwo adzayenera kufunsa mafunso okhudza anthu a mtundu umenewo, ndipo pakamwa podzaza sipafunsa. Ngati bizinesi yake ilibe chochita ndi zimenezi, muuzeni kuti adikire chaka chimodzi, ndipo mulembe m'malamulo anu kuti munthu mmodzi asapereke zoposa gawo limodzi mwa magawo 10 a zonse zimene mwasonkha. Avomere kuti dzina lake lilembedwe ndipo lidziwike kwa mamembala. Wofuna kuthandiza moona savutika nazo zimenezi. Amene akuti ndipereka koma zisamveke, ameneyo pali chimene akufuna.

Chovuta kwambiri chidzabwera pakhomo pa mayi namwinowo. Zikangomveka kuti akuima, anthu adzayamba kufika m'mamawa: bokosi la maliro, fizi ya mwana, galimoto yonyamula wodwala. Si anthu oipa, ndi mavuto enieni, ndipo kwa munthu amene anagwira ntchito ya unamwino kukana kumapweteka. Koma thumba la kampeni likatsegukira zimenezi limatha m'mwezi umodzi, ndiponso mukhoza kugwa m'lamulo lija la mphatso. Komiti iwachotsere mtolo umenewu powauza anthu poyera kuti mayiwa ndalama sagwira. Chimene angapereke ndi nzeru zawo: kuuza munthu khomo loyenera kugogoda, kumuperekeza kwa alangizi a zaumoyo, kumufotokozera kuti pazipatala pali komiti ya anthu a m'dera ndi wolandira madandaulo, kapena kuti zipatala zina za mipingo za CHAM zili ndi mgwirizano ndi boma wothandiza amayi oyembekezera ndi ana popanda kulipira. Pamaliro apite ngati mnansi, apereke chipepeso cha m'thumba mwawo monga achitira aliyense, osalengezetsa.

Anamwino, madokotala ndi alangizi amene akadali pantchito ya boma adzakufunirani zabwino, koma malamulo a ntchito yawo sawalola kuchita ndale poyera. Musawaike mu komiti, musawajambule pamisonkhano. Mabungwe omwe si aboma nawonso saloledwa kuchita kampeni, ndiye musalandire ndalama kapena galimoto zawo. Kutchalitchi ndi kumzikiti lankhulani ndi anthu panja mapemphero atatha, mbale ya kampeni isayende m'kati.

Pali nthawi zimene musadalire nzeru zanu zokha kapena zanga. Malamulo a gulu lanu awonedwe ndi loya musanapite nawo kubanki, makamaka ndime yonena za kumene ndalama zidzapite ngati mayiwo adwala, asintha maganizo, kapena alowa chipani. Ndime imeneyi magulu ambiri amaiwala, ndipo ndi imene imadanitsa anthu. Muonanenso ndi loya chikabwera chopereka chofika K1 miliyoni, kapena chachikulu chochokera kunja. Kamodzi pachaka pezani wowerengera ndalama amene si membala aunike mabuku. Ndalama ikasowa, ngakhale yochepa, musabise poteteza mbiri ya gulu, itanani msonkhano mlungu womwewo. Wina akaopsezedwa kapena kumenyedwa, kanenani kupolisi, mutenge nambala ya mlandu, ndipo nthawi ya kampeni mudziwitsenso a MEC.

Pa msonkhano wanu wotsatira, inu 30 muyambe ndinu kupereka, musanapemphe munthu wakunja. Gulani buku la malisiti ndi kope lachikuto cholimba, mulembe tsiku, dzina ndi ndalama, mayi namwinowo aperekenso yawo n'kulandira lisiti ngati wina aliyense. Mukatsegula akaunti ndi kuwerenga lipoti loyamba pamaso pa anthu, mundilemberenso mundiuze kuti mwafika anthu angati, tidzakambirane za bajeti ya mamonita.